Nsapato Zoyera za a Choko

3 Malichi

Achimwene,

Nkhani yandipeza lero m'mawa ndili pamakwerero m'laibulale, ndikubwezera mabuku pashelefu yapamwamba. Mnzanga wa pakauntala anabwera ndi nyuzipepala nandifunsa kuti, "Kodi gulu ili si la amuna anu lija?" Kachilengezo kake kanali kakang'ono, pansi pa otsatsa matayala: gulu loimba nyimbo za roko, lomwe lakhalapo zaka makumi anayi, likufuna woimba ng'oma. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinakhala patsinde pa makwererowo.

Pepani, ndayamba ndi nkhani ndisanakupatseni moni. Muli bwanji? Nanga alamu, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine ndilipo. Patha masabata asanu ndi awiri chiikireni maliro a amuna anga a Choko, ndipo ndikuphunzira kuwiritsa madzi a tiyi wa munthu mmodzi. Lachisanu ndiye lovuta, poti ndi tsiku lomwe a Choko ankanyamula gitala yawo ya besi kukakwera basi yobwera kugalaja kwanuko kudzayeserera nyimbo.

Ndalemba kalata dala. Pafoni mumandidula mawu, koma pepala simungalidule. Ndiuzeni zoona, mukufuna kuchotsa asuweni athu a Nyundo pang'oma? Munthu amene munayamba naye gululi akumenya zitini za penti? Mwina ndalakwitsa, mwina ndi gulu lina. Koma magulu a roko a zaka makumi anayi sakhala awiri m'tauni imodzi.

Ngati ndi zoona, ndikupempha chinthu chimodzi: musafulumire. Mundiyankhe musanachite kanthu.

Mlongo wanu


12 Malichi

Mlongo wanga,

Kalata yako yafika. Tili bwino. Alamu ako bondo likuwafikitsa kumsika, koma likakumbukira kuti kunyumba kuli zochapa limayambiranso kupweteka. Akuti uzidya.

Inde, chilengezocho ndinaika ndine, ndipo sindikuchita nacho manyazi. Mvera bwino. Pa 24 Meyi tiimba masana m'holo yomwe tinayambira ija, kukumbukira mlamu wanga Choko. Anthu adzadzaza holoyo. Pa besi tapeza mayi wina wophunzitsa nyimbo kusekondale, timangoti Aphunzitsi. Zala zawo sizilakwa, ndipo nyimbo zathu zonse anazidziwa m'sabata imodzi.

Vuto ndi Nyundo. Tayeserera katatu, katatu konse wativulaza. Nyimbo akuiyamba bwino. Pofika pakati wathamanga ngati munthu wothawa mvula, ukamuyang'ana wayamba kukoka ngati lole pachitunda. Pomaliza tonse taima, iye akupitirizabe yekha. Aphunzitsi anangoyang'ana kudenga.

Munthuyu ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Ng'oma si gitala yoti ungaibisire ukalamba. Ndimamukonda, tinakulira m'nyumba imodzi, koma gulu si chipatala. Kukhulupirika kwanga kuli pa nyimbo zomwe tinapeka ndi Choko. Sindilola kuti dzina lake likumbukiridwe ndi phokoso.

Nyundo sindinamuuze. Nyuzipepala sawerenga, foni sayankha, choncho ndili ndi nthawi yopeza mawu abwino.

Ndili ndi pempho. Besi ya Choko ili kwanuko ikungodya fumbi. Unditumizire, kuti tsikulo Aphunzitsi adzaimbe yomweyo.

Mlongo wako


18 Malichi

Asuweni,

Moni wa kuno. Muli bwanji, ndi amayi a kunyumba? Ndikudziwa kuti makalata mumawaona ngati mankhwala owawa, koma iyi muiwerenge mpaka pansi.

Achimwene akufuna woimba ng'oma wina. Anaika chilengezo m'nyuzipepala. Ndikukuuzani ineyo chifukwa iwo akufunafunabe mawu abwino, ndipo mukuwadziwa, akhoza kuwapeza chaka chamawa.

Akuti mwakalamba. Ine ndikudziwa kuti nkhani si imeneyo. A Choko anandiuza zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, sabata yomwe sipika inaphulika pafupi ndi mutu wanu. Anati khutu lanu lamanzere linafa tsiku lomwelo, ndipo lamanja likutsatira pang'onopang'ono. Ng'oma zanu mumazimva m'mafupa, koma besi ndi gitala zimakufikani ngati anthu olankhula kuseri kwa khoma. Munawauza iwo okha, m'basi, nkuwalumbiritsa.

Ndi sabata yomweyo anagula nsapato zoyera zija. Ndinawaseka ine, anawaseka achimwene, anthu mpaka kuwapatsa dzina loti Choko. Lachinayi lililonse ankakhala pakhonde ndi kabotolo ka polishi woyera, kupaka makamaka kuchidendene, poti ndi kumene inu munkayang'ana. Ankaima kumanzere kwanu, patsogolo pang'ono. Chidendene chinkakuwerengerani nyimbo. Akachikweza nkuchisiya m'mwamba, ndiye kuti kolasi yayandikira. Akaponda kawiri, nyimbo yatha. Nsapato yakuda sikanaoneka pansanja pomwe magetsi amayang'ana woimba wakutsogolo yekha.

Tsopano Aphunzitsi aja sakudziwa kanthu. Mwina akuima kwina, ndi nsapato zakuda, phazi lili duu. Inu mukuimba mumdima.

Chinsinsichi ndi chanu, si changa. Ndikupempha chilolezo choti ndiwauze achimwene. Mundiyankhe msanga.

Msuweni wanu


2 Epulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Besi sinditumiza panopa. Ikadali pampando wake pabalaza, ndipo sindinakonzeke kuona mpandowo wopanda kanthu. Mundipirire.

M'phukusili muli nsapato zoyera za a Choko. Ndazipaka ndekha. Pali zomwe sindingalembe, chifukwa mwini wake wa nkhani sanandiyankhe. Ndingonena izi: malo a nsapatozi ndi pansanja, pomwe a Choko ankaima, pomwe a Nyundo angazione. Muwaonetse Aphunzitsi. Yesani kamodzi kokha musanaitane munthu wina.

Mlongo wanu


10 Epulo

Mlongo wanga,

Zikomo kwambiri. Nditatsegula phukusi ndinatuluka kaye panja. Iwe ndiwe wa mabuku, umadziwa zinthu zogwira mtima. Ganizo lako ndalimva bwino lomwe, ndipo ndachita monga unanenera.

Nsapato ndaziika pamwamba pa sipika yaikulu, mbali yomwe Choko ankaima. Alamu ako anayala kansalu koluka pansi pake, nkuika kabotolo ka maluwa pambali. Aphunzitsi ndawaonetsa, anagwira pamtima. Tsikulo tidzazinyamula choncho kupita nazo kuholo, ndipo ndidzauza wa magetsi kuti aziwalitse. Anthu adzalira, ndikukuuza.

Koma za Nyundo zandilimbitsa pa zomwe ndinaganiza kale. Analowa m'galaja Lachisanu, nkuziona. Anaima nthawi yaitali, timitengo take toimbira ng'oma tili m'manja. Ndinati, "Nyundo, tiyambe." Sanatembenuke. Ndinabwereza mokweza, sanatembenukebe. Kenako anaika timitengo pang'oma nkutuluka osatsanzika. Waona? Si manja okha, ndi mtima womwe watopa. Imfa ya mnzake yamuthyola. Kumuumiriza kukhala pang'oma ndi nkhanza, si chikondi.

Pa anthu omwe anayankha chilengezo ndasankha mmodzi, bambo woyendetsa malole, wa zaka makumi atatu ndi zisanu. Nyimbo zathu anakula nazo. Akubwera pa 2 Meyi kudzayesa. Nyundo ndimuuza sabata ino, kapena ya mawa.

Mlongo wako


19 Epulo

Msuweni wanga, mkazi wanga amene unandikana nkusankha wa besi,

Ndili moyo. Kalata yako ndaiona dzana. Inagona mwezi wathunthu m'bokosi la kupositi, chifukwa kiyi amasunga ndi amayi a kunyumba, ndipo iwo anali kwa mwana wathu wamkazi amene wabereka. Ndi mdzukulu wamwamuna. Akuti amalira kwambiri. Ine ndikumuona ngati mwana wofatsa.

Ndiye Choko anakuuza. Munthu ameneyo ndinamulumbiritsa atagwira besi. Ndikadzamupeza kumeneko adzandiona.

Yankho langa ndi ayi. Usawauze. Tamvera, msuweni. Ndikachoka ngati nkhalamba, anthu adzati Nyundo anamenya ng'oma zaka makumi anayi, wapuma. Ndikachoka ngati gonthi, adzati zaka khumi ndi chimodzi munthuyu ankanamiza anzake, ankaimba ndi phazi la mwini. Mchimwene wako adzakumbukira tsiku lililonse lomwe anandifunsa kuti "yamveka bwanji" ine nkuyankha kuti "yatentha." Sindinamve kanthu, msuweni. Ndinkangoona kuti akumwetulira.

Nsapato ndinaziona pasipika paja, ndi maluwa. Poyamba ndinayesa kuti wadziwa zonse ndipo akundinyoza. Nditayang'ana nkhope yake ndinaona kuti sakudziwa kanthu, ndiye zinandipweteka koposa. Makutu anga ali pakansalu koluka ngati keke ya ukwati.

Kalata yotsanzika ndalemba kale. Ili m'thumba la jekete. Ndikampatsa pa 2 Meyi, wamaloleyo akadzabwera, kuti asavutike ndi kufunafuna mawu. Iwe usadandaule za ine. Ndili ndi mdzukulu woti ndimuphunzitse kumenya mapoto.

Uzidya, wamva?

Msuweni wako


24 Epulo

Asuweni,

Ndakondwa ndi mdzukulu. Mumupsompsone m'malo mwanga, ndipo amayi a kunyumba muwauze kuti akusiyireni kiyi.

Ndamva. Sindiwauza achimwene. Ndinalonjeza kuti chinsinsichi ndi chanu, ndipo chikhala chanu. Koma popeza tayamba kutsegula zobisika, ndili nacho china chomwe ndi changa tsopano, poti mwini wake anandisiyira pamodzi ndi malaya ake.

Zaka ziwiri zomaliza, zala za a Choko za kumanzere zinayamba kuchita dzanzi. Mabatani a shati ndinkawamangira ndine. Pa nyimbo zothamanga ankalumpha manotsi, nthawi zina atatu pa asanu. Palibe anazindikira, chifukwa pamalo pomwe iwo ankalumpha, ng'oma yanu yaikulu inkagunda. Simunamve kuti alumpha, munkaona dzanja lawo likuchedwa, nkutseka bowolo ndi phazi lanu. Simunawafunse, iwonso sanakuthokozeni. Koma ankabwera kunyumba Lamlungu nkunena kuti, "Nyundo wandibisanso." Munkayesa sindikudziwa?

Nanga achimwene? Nyimbo zonse anazitsitsa kawiri. Ankati ndi kaimbidwe katsopano. Inu ndi a Choko munkadziwa kuti mawu awo sakufikanso m'mwamba, ndipo munangotsika nawo osaseka.

Ndakhala pakati pa mabuku moyo wanga wonse. Ndawerenga za maukwati, za asilikali, za anthu a m'sitima zapamadzi. Sindinapezemo anthu amene anayenda limodzi nthawi yaitali popanda wina kubwereka mwendo wa mnzake. Inu mukuti munanamiza gulu. Ine ndikuti ndi mmene gululo linkaimbira.

Ngati mwatopa, chokani, palibe angakuletseni. Koma musachoke chifukwa cha bodza loti manja anu afa, pomwe manja ali bwinobwino. A Choko anapaka nsapato zimenezo Lachinayi lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi kuti inu mukhale pampando umenewo. Ine ndinkawaona. Sankazipaka kuti zidzakhale pafupi ndi maluwa.

Pa 2 Meyi, kalata ili m'jeketeyo ikhale momwemo tsiku limodzi lokhalo. Zina zonse ndakusiyirani.

Msuweni wanu amene sanakukaneni, munachedwa ndinu


4 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Khala pansi, chifukwa ine ndikulemba nditakhala.

Lachisanu wamalole uja anabwera. Amamenya bwino, sindinganame. Tili pakati pa nyimbo yachiwiri, chitseko cha galaja chinakwera, Nyundo nkulowa atavala jekete. Ndinati basi, tsiku lafika, ndipo mawu abwino aja ndinali ndisanawapezebe.

Sanandiyang'ane. Anapita pasipika, nkuchotsa maluwa kupatsa alamu ako. Anatenga nsapato nkuziika pansi, kumanzere kwa ng'oma.

"Izi si zokongoletsera," anatero. "Ndi makutu anga."

Kenako anafotokoza zonse, ataimirira, manja ali m'matumba. Za sipika, za khutu, za chidendene. Iwe ukuzidziwa kale, wandiuza yekha kuti unkadziwa.

Ndinati, "Zaka khumi ndi chimodzi, Nyundo. Bwanji osandiuza?"

Iye anati, "Ndikanakuuza ukanamva? Ine khutu linafa limodzi. Iwe ako onse ndi amoyo, koma amagwira ntchito ukamalankhula wekha."

Alamu ako anaseka mpaka kukhala pa bokosi la zingwe. Ine sindinaseke. Ndinkaganiza za zaka zonsezo ndili kutsogolo, nkhope kwa anthu, msana kwa anzanga. Nsapato zimenezo ndinaziseka kuposa wina aliyense.

Amene anatipulumutsa ndi Aphunzitsi. Anavula zawo nkuponda m'nsapato za Choko. Phazi linasowa m'katimo. Anati, "Pali pepala?" Alamu ako anatenga nyuzipepala pashelefu, ndipo inali yomwe ija ya chilengezo changa, yomwe ndinasunga. Anaing'amba pakati, theka nkuthira m'nsapato iyi, theka m'inayo. Onse anandiyang'ana.

Wamalole anadzuka yekha pampando nkupereka timitengo ndi manja awiri.

Nyimbo yoyamba inagwa. Aphunzitsi amawerenga ndi zala za kuphazi, ndipo kumbuyo sizioneka. Nyundo anati, "Amayi, chidendene. Ngati mukupha mphemvu koma mukuimvera chisoni." Yachiwiri inatsimphina. Yachitatu, mlongo wanga, inali ija yothamanga yomwe Choko anapeka muli pachibwenzi. Inayenda ngati sitima panjanji. Pomaliza Aphunzitsi anaponda kawiri, tonse tinaima pamodzi, zii. Ndinali nditaiwala kuti kukhala chete kumamveka choncho.

Koma ndikuuze zonse, chifukwa sindinalakwe pa chilichonse. Titafika nyimbo yachisanu ndi chiwiri, phewa lake linayamba kukana. Zimenezo nsapato sizingakonze. Ndinaona, nayenso anaona kuti ndaona. Ndisanatsegule pakamwa anaika timitengo pansi nati, "Zisanu ndi ziwiri ndi zanga. Zotsalazo apatseni a malolewa, koma ndiwaphunzitse ndine, chifukwa akumenya ngati akutsitsa katundu." Wamalole anati, "Ndavomera, bambo."

Ndiye tili ndi oimba ng'oma awiri. Ine ndinkayesa kuti nkhani ndi yosankha, kusunga munthu kapena kusunga nyimbo. Sindinafunse nkomwe chomwe chinkamusunga munthuyo.

Potuluka anatulutsa envulopu m'jekete nkundionetsa. Ndinatambasula dzanja. Anati, "Si yako, ndi ya chaka china," nkuibweza m'thumba.

Ubwere pa 24. Besi usiye ngati sunakonzeke.

Mlongo wako, amene ali ndi makutu awiri


27 Meyi

Achimwene,

Ndafika bwino. Basi inachedwa ndi ola limodzi lokha. Alamu muwathokoze chifukwa cha bulangete, ndipo awiri inu mupumule sabata ino.

Pamene tinkatsanzikana panali anthu ambiri, sindinathe kunena zomwe ndinkafuna. Munandisungira mpando pakati, kutsogolo, ndipo munadabwa nditakakhala kumbali, pafupi ndi khoma. Ndinkafuna malo oti ndione phazi ndi maso a a Nyundo nthawi imodzi. Zaka zonsezi ndinkadziwa za chidendene chija, koma ndinali ndisanachionepo chikugwira ntchito. Ndikabwera kudzaonera, ndinkayang'ana nkhope ya amuna anga.

Loweruka ndinachiona. Aphunzitsi anakweza chidendene nkuchisiya m'mwamba, a Nyundo anakoka mpweya, kolasi nkugwa pamalo pake, holo yonse nkuimirira. Anthu ankayang'ana inu. Ine ndinkayang'ana pansi, ndipo ndi pomwe ndinalira, koyamba chichokereni kumanda. Sikunali kulira koipa.

Mwaimba bwino, achimwene. Nyimbo yomaliza munaitsitsanso pang'ono, ndinamva. Sindiuza munthu.

Ndinakondwa kuona a Nyundo atakhala pambali pa wamalole theka lachiwiri, akumuloza ndi kamtengo ngati wapolisi wa pamsewu. Munthuyo ali ndi chipiriro. Mumusunge.

Besi ndinabwera nayo chifukwa ndinali nditakonzeka. Ndinaipereka kwa Aphunzitsi ndekha, kuseri kwa nsanja, ndipo si yobwereka. Iwo anandionetsa nsapato zoyera zomwe agula, za saizi yawo, nkundibwezera za a Choko m'pepala. Anati zinawatupitsa matuza awiri. Ndinachotsamo nyuzipepala yanu ija m'basi. Ngati mukuifuna, nenani.

Tsopano zinthu zili chonchi. Mpando wa pabalaza ulibe kanthu, ndipo ndayamba kukhalapo powerenga. Besi ili kwa Aphunzitsi. A Nyundo ali pang'oma zawo, nyimbo zisanu ndi ziwiri, envulopu ili m'jekete. Kwa ine kwatsala nsapato ziwiri zoyera pafupi ndi chitseko, ndi theka la botolo la polishi.

Mlongo wanu